Seva ija musaitaye msanga

Pali uphungu umene wafala pakati pa achinyamata odziwa za makompyuta, ndipo eni mabizinesi ambiri aumva kale: chotsani seva ija imangolira kuseri kwa kabati, zonse muziike pa cloud. Akatero amatanthauza kuti mabuku a ndalama, malipiro a antchito, kaundula wa katundu ndi makalata zisamakhalenso pa makina anu, zikakhale pa makompyuta a makampani akuluakulu monga Amazon, Microsoft ndi Google, inu muzingolipira pamwezi. Uphunguwu ndimauvomereza mbali imodzi. Mbali inayo ndimati tadikirani kaye.

Achinyamatawa sakunama pa za seva zathu. Lowani mu ofesi ya kampani yapakatikati mupemphe kuti akuonetseni pamene imakhala. Akutengerani m'kachipinda kopanda zenera, momwe mulinso mopu ndi makatoni a malisiti akale. Choziziritsira mpweya chinafa kalekale. Batire la UPS linatopa, magetsi akathima limangolira pang'ono kenaka zii. Pasiwedi amaidziwa munthu mmodzi, amene anapeza ntchito kwina ndipo amachita kumuimbira mochonderera. Bakapu ilipo ndithu, koma ili pa hadi diraivi yoikidwa pamwamba pa seva yomweyo, moti mbala ikabwera ingonyamula zonse pamodzi. Onjezanipo magetsi athu. Namondwe Ana ataononga siteshoni ya Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo amene anali ndi seva mu ofesi ankaidyetsa dizilo. Munthu wotere ukamuuza kuti imelo ndi mafailo ake zikakhale kwa anthu amene ntchito yawo ndi yomweyo usana ndi usiku, wamuthandiza.

Vuto limayamba pa mawu akuti "zonse".

Makompyuta a cloud ali m'nyumba zenizeni, ndipo za makampani atatu aja zimene tayandikana nazo zili ku South Africa. Microsoft inatsegula zake ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, Google ku Johannesburg mu 2024. Choncho ngati makina olembera malisiti pa golosale ya ku Limbe amadalira cloud pa chilichonse, paketi ya shuga siigulitsidwa mpaka uthenga utadutsa malire n'kubwerako. Masiku ambiri zimatheka m'kanthawi kochepa kwambiri, wogula osazindikira n'komwe. Koma dziko lathu lilibe doko la pa nyanja yamchere, intaneti yathu imadzera kwa anansi kuti ikafike pa zingwe za pansi pa nyanja. Pa 12 Meyi 2024 zingwe ziwiri, EASSy ndi Seacom, zinaduka, ndipo intaneti inavuta ku Malawi, Mozambique, Tanzania, Kenya, Uganda ndi Rwanda. Miyezi iwiri m'mbuyo mwake zingwe zinayi zinali zitaduka kumadzulo kwa Africa, mpaka ogwiritsa ntchito cloud ya Microsoft ku South Africa komweko anadandaula. Tonse timaidziwa nkhope ya kalaliki amene akuuza mzere wa anthu kuti "netiweki yavuta, tadikirani". Ku banki timadikira chifukwa ndalama zathu zili komweko. Pa shopu ya simenti wogula amangowoloka msewu. Starlink, imene inafika kuno mu 2023, yapereka njira yachiwiri kwa okwanitsa, koma ndi bilu inanso.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kuposa chingwe ndi dola. Cloud ili ngati nyumba ya lendi imene mwini wake amawerengera m'madola pamene iwe umagulitsa m'makwacha. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze kampani imene imalipira madola 500 pamwezi. Bilu imene inali K590,000 inadzuka ili K850,000, popanda kuwonjezera wantchito ngakhale mmodzi kapena failo imodzi. Apatu tikuwerengera pa mtengo wa ku banki, ngati madolawo apezeka. Amene anayesapo kulipira kunja ndi khadi pa nyengo ya kusowa kwa forex akudziwa mmene zimakhalira: khadi imakana, kapena malire ake a pamwezi sakwanira, kalata yopempha ili pa desiki ya wina ku banki. Makina otumiza bilu kutsidya kwa nyanja sadziwa za mzere wa forex. Amatumiza chenjezo, amatumizanso, kenaka amatseka akaunti, mabuku anu onse ali m'katimo.

Wina anena kuti seva nayo imagulidwa ndi madola. Zoona. Koma imagulidwa kamodzi pa zaka zingapo, ndipo tsiku logula umasankha wekha. Chaka chikavuta umaipirira yakaleyo, kungoisinthira diski. Bilu ya pamwezi siidikira kuti fodya agulitsidwe.

Ngakhale kumene madola sasowa nkhaniyi sinagamulidwe. Banki ya Capital One ya ku America inatseka nyumba zake zonse zosungira makompyuta mu 2020 n'kusamukira kwa Amazon. Pomwepo kampani ya 37signals, eni ake a Basecamp, itaona kuti mu 2022 yalipira madola 3.2 miliyoni pa cloud, inagula maseva a Dell a ndalama zosakwana miliyoni imodzi n'kutulukamo mu 2023. Dropbox inachita zofananazo kale, cha m'ma 2016, pochotsa mafailo ambiri a makasitomala ake kwa Amazon. Chimene ndimachikonda kwambiri ndi cha Netflix. Anthu amaitchula ngati chitsanzo cha osamukira pa cloud, ndipo n'zoona kuti inamaliza kusamuka mu 2016, koma mafilimu enieniwo imawaika pa makina akeake amene imakawasiya kwa makampani opereka intaneti m'maiko osiyanasiyana, kuti akhale pafupi ndi woonera. Cholemera ndi chofunika msanga chili pafupi, zina zonse zili kutali.

Tisaiwalenso kuti makampani akuluakulu a cloud aja amalakwitsa. Mu Meyi 2024 akaunti ya UniSuper, thumba la penshoni la ku Australia la anthu oposa theka la miliyoni, inafufutika pa Google Cloud chifukwa cha kulakwika kwa makonzedwe. Mamembala anakhala masiku oposa sabata osaona ndalama zawo pa intaneti. Chinawapulumutsa n'chakuti UniSuper inali itasunganso bakapu kwa kampani ina.

Ndiye ine ndili kumbali ya kuphatikiza, chimene a ntchitoyi amati hybrid. Imelo, mafailo ogawana ndi bakapu zipite pa cloud, ndipo bakapuyo ndiye iyambe lero lomwe. Chimene chiyenera kugwira ntchito kasitomala ataima pakauntala, monga makina a malisiti, kaundula wa mankhwala ku famase kapena sikelo ya pa depoti, chikhale chotha kuyenda chokha intaneti ikaduka, chizikalumikizana ndi cloud ikabwera. Amene amasunga mbiri za odwala kapena za makasitomala awerengenso lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024, limene MACRA ikuyang'anira, asanazitumize kunja kwa dziko. Ndipo kukhala ndi seva sikutanthauza kuti igone pafupi ndi mopu; a 37signals aja anaika zawo m'nyumba zochita kubwereka malo, zokhala ndi magetsi ndi kuzizira koyenera.

Ndisabise, kuphatikiza kuli ndi mtengo wake. Mabilu amakhala awiri, makomo olowera mbava za pa intaneti amakhalanso awiri, ndipo pamafunika munthu wodziwa mbali zonse, amene sapezeka pa malipiro a kalaliki. Choipitsitsa ndi kuphatikiza kongochitika mwangozi, kumene kuli m'maofesi ambiri panopa: akauntanti ali ndi zake pa laputopu, abwana zawo zili pa Gmail, mitengo ya katundu ili m'gulu la WhatsApp, ndipo palibe angakuuzeni kuti failo yolondola ndi iti.

Wogulitsa cloud akabwera ndi mapepala ake okongola, musanasaine chitani kaye ichi. Sankhani Loweruka m'mawa, zulani chingwe cha rauta, zimitsani data pa mafoni a pakauntala, mugulitse kwa ola limodzi mukulemba chilichonse chimene chaima. Sabata yotsatira muuzeni wa IT abweze mabuku a mwezi watha kuchokera pa bakapu, inu muli pompo. Mukatero mufunseni wogulitsayo ngati mtengo wake uli m'makwacha, komanso kuti mukachedwa kulipira amakupatsani masiku angati asanatseke.