Kolera ya ku Chegutu ndi zilembo zinayi

Anthu a ku Chegutu sanaiwale Disembala wa 2008, pamene kolera inalowa m'tauniyi n'kudzaza chipatala. Mliri wa 2008 mpaka 2009 unagwira anthu pafupifupi 100,000 m'Zimbabwe monse, ndipo oposa 4,000 anamwalira. Mu Januwale 2018 nthendayi inabwereranso ku Chegutu, kenako mu Seputembala inabuka ku Glen View ndi Budiriro mu Harare.

Kachilombo ka ku Harare kanafufuzidwa mpaka m'kati. Tapfumanei Mashe wa ku National Microbiology Reference Laboratory, mothandizana ndi akatswiri a ku Institut Pasteur ku Paris, anawerenga DNA yake, ndipo zomwe anasindikiza mu 2020 zinaonetsa kuti sikankamva mankhwala ambiri. Dokotala akadziwa zimenezi msanga, sataya nthawi ndi mankhwala osagwira ntchito.

DNA ya kachilombo ka kolera ili ndi zilembo pafupifupi 4 miliyoni, zonse A, C, G ndi T basi. Makina a mu labotale amazitulutsa zili tizidutswa tosakanikirana, ndipo palibe maso angazilumikize. Pamafunika munthu wodziwa sayansi ya zamoyo, wodziwanso kulamula kompyuta. Ntchito imeneyi ndiyo bioinformatics.

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amapunthwa. Mtsikana wakhoza bwino Biology, maikulosikopu amaidziwa ngati chikhatho chake, koma mumuike pa Linux, pomwe palibe chodina koma kulemba lamulo pa sikirini yakuda, thukuta limayamba. Mu Python, kungoiwala timadontho tiwiri kumapeto kwa mzere, pulogalamu yonse imakana. Mantha amenewa amatha ndi kugwiragwira tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake si bwino kusunga phunziroli mpaka chaka chomaliza cha ku yunivesite. Liyambe chaka choyamba, wophunzira aliyense manja ali pa kiyibodi, osati kukopera pulogalamu m'kope kuchokera pa bolodi.

Njira yophunzitsira ilipo kale. Bungwe la H3ABioNet, lomwe linayamba mu 2012 motsogozedwa ndi Nicola Mulder wa ku University of Cape Town, linatsegula kosi yoyambira mu 2016: mphunzitsi amayankhula pa intaneti, ophunzira atasonkhana m'makalasi a m'mayiko awo, wowathandiza ali pambali. Chofunika ndi chipinda, makompyuta, intaneti ndi magetsi osathimathima.

Zophunzitsira nazo sizosowa. Ku Kadoma kafukufuku wa thonje anayamba mu 1925, pamene tauniyi inkatchedwa Gatooma, ndipo Cotton Research Institute idakalipo. Chinhoyi University of Technology ili m'chigawo chomwechi cha Mashonaland West. Wophunzira wa kumeneko angamve phunziroli msanga atapatsidwa DNA ya thonje kapena ya kolera yomwe inapha anansi ake, kusiyana ndi zitsanzo za m'buku lochokera kunja.

Ku Rimuka mu Kadoma ndi ku Pfupajena mu Chegutu kuli adzukulu a Amalawi omwe anakumba golide ku Cam and Motor kapena kuomba nsalu kufakitale ya David Whitehead. Ena akamaliza Fomu 4 amathamangira kumigodi ya makorokoza, anthu okumba golide paokha. Aphunzitsi awo awauze za Sikhulile Moyo, wobadwira m'Zimbabwe momwemo, yemwe mu Novembala 2021, ali ku labotale ku Gaborone, anaona zilembo zachilendo m'kachilombo ka Covid-19 kamene kanadzatchedwa Omicron.