Imfa za ciwawa ziwerengedwe pamodzi

Abale ndi alongo a ku Mualadzi, munthu akaphedwa m'mudzi, nkhani yake imagawika. Apolisi a PRM amalemba m'buku lawo mlandu ukawafika. Anamwino amalemba za mabala ngati munthuyo wafika kucipatala asanamwalire. Ofesi ya Registo Civil imalemba pokhapokha abale atapita kukalembetsa imfayo, ndipo ambiri sapita cifukwa ca kutalika kwa mtunda. Kuno kumalire, wovulala wina amaoloka naye pa Cassacatiza kupita ku Zambia, ndipo akafera komweko mabuku a kuno sadziwa. Amene amamva maliro onse ndi mfumu, koma ndani amaifunsa ciwerengero?

Mabuku amenewa akapanda kukumana, palibe amene angaone kuti ndeu zimabukira pa malo amodzimodzi a mowa nthawi yogulitsa fodya, kapena ku migodi ya golide, kapenanso kuti mayi amene waphedwa ndi mwamuna wake anali atafikapo kale kucipatala ndi mabala. Imfa iliyonse imaoneka ngati tsoka la banja limodzi.

Mu mzinda wa Cardiff, ku Wales, dokotala Jonathan Shepherd anaona kuti ambiri mwa ovulala pa ndeu amene ankafika kucipatala, apolisi sankawadziwa. M'zaka za m'ma 1990 anayambitsa njira yoti cipatala cizipereka kwa apolisi ndi akuluakulu a mzinda malo, nthawi ndi cida cimene cagwiritsidwa nchito, popanda dzina la munthu. Apolisi anayamba kulondera malo oyenera, ndipo ovulala ogonekedwa m'cipatala anacepa.

Nafe sitikuyambira pacabe. Lamulo 29/2009 limalanga nkhanza za m'banja zocitira amayi, ndipo mu 2012 boma linavomereza ndondomeko yoti azaumoyo, apolisi, azamalamulo ndi a zosamalira anthu azilemba pa cikalata cimodzi pothandiza mayi wocitiridwa nkhanza. Nzeru yomweyo ikhoza kugwira nchito pa imfa zonse za ciwawa.

Nkhaniyi ikukhudzanso masankho. Pa zipolowe zimene zinatsatira masankho a pa 9 Okutobala 2024, bungwe la Plataforma Decide linawerenga anthu akufa oposa 300 pofika mu Januwale 2025. Ciwerengero cikamacokera kumbali imodzi, mbali ina imangocikana, ndipo namfedwa amatsala wopanda yankho. N'cifukwa cake powerengapo pafunika anamwino, mafumu ndi mabungwe osadalira boma, osati apolisi okha, popeza nthawi zina woombera amakhala wa yunifomu.

Sitikukuuzani cipani coti muvotere, voti yanu ndi cinsinsi canu. Koma ofuna mipando ya ku Assembleia Provincial ndi wa bwanamkubwa wa Tete akabwera kudzapempha voti ya 2029, afunseni pagulu: Kodi mudzacititsa kuti maofesi amenewa azikhala pansi mwezi uliwonse ku Chifunde? Kodi ciwerengeroco cidzamatidwa pa ofesi ya posto kuti tonse tiziwerenga? Nanga mudzateteza bwanji maina a mboni ndi a anamfedwa?