NDEMANGA: Amene akudyerera Shire athandize kumusamala

Shire ndi mtsinje wokhawo umene umatulutsa madzi m'nyanja ya Malawi. Umayambira ku Mangochi, n'kudutsa m'nyanja ya Malombe, ku Liwonde, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, mpaka kukathira mu Zambezi m'dziko la Mozambique, ulendo wa makilomita pafupifupi 400. Komatu si madzi a m'nyanja okha amene amayenda mu Shire. Mvula yogwa ku Ntcheu, Neno, Mwanza, Thyolo ndi Mulanje imatsikiramonso kudzera m'mitsinje monga Rivirivi, Lisungwi, Mkulumadzi, Mwanza ndi Ruo.

Choncho zochitika m'munda wa kumtunda zimamveka kumunsi. Nthaka ikakokoloka m'mapiri, mwini munda amataya chonde. Dothilo limakadzaza m'madamu a magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo lina limakakwirira mitsinje ya m'chigwa kotero kuti madzi sachedwa kusefukira. Anzathu a ku Chikwawa ndi Nsanje anataya mbewu, ziweto ngakhalenso abale awo m'chaka cha 2015, ndiponso pa namondwe wa Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023.

Zikatere, chala chimaloza mlimi wamng'ono. Ife sitikukana kuti kulima m'mphepete mwa mitsinje, kutentha tchire ndi kuotcha makala kumaononga. N'chifukwa chake tikulimbikitsa makalabu athu kupanga akalozera, kubzala udzu wa vetiva ndi mitengo, komanso kusiya malo osalima m'mbali mwa mtsinje.

Koma ntchitoyi ndi yolemetsa, ndipo phindu lake sadya mlimi yekha. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera mu Shire. Mzinda wa Blantyre umamwa madzi opopedwa pa Walker's Ferry, ndipo nzimbe za ku Nchalo zimathiriridwa ndi madzi omwewa. Kodi n'chilungamo kuti mlimi wa ekala imodzi asenze yekha katundu ameneyu?

Tikupempha boma ndi makampani odalira mtsinjewu zinthu zitatu. Choyamba, apatule ndalama chaka ndi chaka zogulira mbande ndi zipangizo za midzi ya kumtunda. Chachiwiri, alangizi a zaulimi achuluke ndipo azifika m'midzi. Chachitatu, alimi, amayi ndi abambo omwe, akhale ndi mipando m'makomiti oyang'anira madzi a m'chigwachi.

Alimi anzathu, kambiranani nkhaniyi pa msonkhano wanu wotsatira, ndipo mukaitule kwa mafumu, makhansala ndi aphungu anu mvula isanagwe. Paja akuluakulu anati madzi saiwala khwawa.