Wolipira mopyola mtengo ngofunika kumuchenjerera

Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mwambiwu ukupherezeka pakati pa anthu amene amadya za thukuta lawo pophunzitsa ana masewero monga tenesi ndi kusambira m'dziko la America, komwe mbava zikuwafikira ngati makasitomala.

Nkhani imayamba ndi uthenga wa pa intaneti. Munthu wodzitcha kholo amati ali kutali, koma akufuna kuti mwana wake aphunzire masewerowo kwa mwezi wathunthu. Mtengo sanenerera. Posakhalitsa mphunzitsi amalandira cheke cha ndalama zoposa zomwe adapangana. Kholo lija limapepesa, n'kupempha kuti zapamwambazo azitumize msanga kwa dalaivala amene azidzabweretsa mwanayo.

Msampha wagona pa kayendetsedwe ka mabanki. Lamulo la m'chaka cha 1987 limakakamiza mabanki a m'dzikolo kulola munthu kutapa ndalama za cheke pakangodutsa masiku ochepa, chonsecho kuti cheke chidziwike kuti n'chabodza pamatha kupita masabata. Mphunzitsi akaona ndalama mu akaunti amati laponda lamphawi, n'kutumiza ndalama zake zenizeni. Chinyengo chikaululika banki imalanda zonse za chekecho, ngongole n'kutsalira iye. Mwana uja saoneka, dalaivalanso ndi mbava yomweyo kapena mnzake.

Bungwe loteteza ogula la Federal Trade Commission lidati m'chaka cha 2019 chokha lidalandira madandaulo oposa 27,000 okhudza macheke abodza, ndipo anthu adataya ndalama zoposa madola 28 miliyoni.

Kuno kwathu macheke sayenda kwambiri m'misika, koma nzeru yake ndi yomwe ija ya uthenga wabodza wa pafoni wonena kuti ndalama zalowa ku Mpamba kapena Airtel Money, kenako wina n'kuimba modandaula kuti watumiza molakwitsa, mum'bwezere. Wophunzitsa ana mpira, mphunzitsi wa patitaimu, telala ngakhale wogulitsa nyemba, onse angakodwe.

Zizindikiro n'zosabisika: kasitomala wokana kuonana maso ndi maso, ndalama zopyola mtengo, phuma, komanso pempho loti zotsala zipite kwa munthu wina. Wofuna kupulumuka abweze chekecho n'kuitanitsa cha ndalama zoyenera. Ngati ndi za pafoni, ayambe waona yekha ndalama zomwe zilimo, ndipo wotumiza molakwitsayo akadandaule kukampani ya foni. Wolipira moona mtima sadana ndi kudikira.