Kukonza chithunzi chisanapite ku makina osindikizira

Chithunzi chojambulidwa ndi kamera yamakono kapena foni chimapangidwa ndi timabokosi ting'onoting'ono totchedwa mapikiseli. Pa sikirini timabokosi timeneti timawala tokha, pomwe papepala pamangokhala inki yodalira kuwala kwa dzuwa kapena nyale. N'chifukwa chake chithunzi chokongola m'foni chimatha kutuluka chambuu pa kalendala, pa khadi la ukwati kapena pa pulogalamu ya maliro ngati sichinadutse m'manja mwa katswiri wokonza zithunzi.

Katswiriyu amayamba ndi kukula kwa chithunzi. Magazini ndi mabuku a pepala losalala amafuna mapikiseli 300 pa inchi iliyonse, kotero chithunzi chodzaza tsamba la A4 chimafunika mapikiseli 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali. Nyuzipepala imakhutira ndi 200 kapena kucheperapo pang'ono. Tsoka lake, zithunzi zambiri zimafika kwa osindikiza zitadutsa pa WhatsApp kapena zitakopedwa pa Facebook, komwe zimafinyidwa kuti ziyende msanga. Zomwe zatayika pofinyapo sizibwerera, ngakhale munthu achikoke bwanji chithunzicho pa kompyuta. Kutumiza chithunzi ngati dokyumenti kumapewetsa vutoli. Fayilo ya JPEG nayo imaluza pang'ono nthawi iliyonse ikakonzedwa n'kusungidwanso, choncho ntchito imagwiridwa pa RAW kapena TIFF.

Kenaka pamabwera nkhani ya mitundu. Sikirini imasakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu, njira yotchedwa RGB. Makina osindikizira amagwiritsa inki zinayi za CMYK: yabuluu wowala, yofiirira ngati pinki, yachikasu ndi yakuda. Mitundu ina yothobwa m'maso, monga buluu wa chitenje chatsopano, inki sizingaikwanitse. Wokonza amasandutsa chithunzi kupita ku CMYK ntchito ina yonse itatha, n'kuona zomwe zazilala.

Pepala nalo lili ndi khalidwe lake. La nyuzipepala limamwa inki ngati nsalu, timadontho n'kufalikira, chithunzi n'kuda kuposa mmene chimaonekera pa kompyuta. Inki zinayi zonse zikaphatikizidwa pamalo amodzi siziyenera kupitirira pafupifupi 240 peresenti pa pepala lotere, pomwe losalala limapirira mpaka 300 kapena kuposerapo pang'ono.

Apa ndi pomwe nkhope za anthu akuda zimavutikira kwambiri. Khungu lakuda lili ndi mitundu yambiri yobisika, kufiirira kwa pamasaya, kunyezimira kwa pamphumi, ndipo inki ikachuluka zonsezi zimamira, kungotsala maso ndi mano. Vutoli n'lakale. Kuyambira m'ma 1950, malo otsukira zithunzi ankayezera mitundu pa makhadi a Kodak okhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, otchedwa Shirley, ndipo khadi la amayi a makungu osiyanasiyana linadzabwera m'ma 1990. Mankhwala oyenera a vutoli ndi kutsegula mithunzi yokha kuti mphuno, milomo ndi masaya zioneke. Koma okonza ena amafupikitsa njira poyeretsa nkhope yonse, mpaka mkwatibwi kusiyana ndi manja ake omwe. Kumeneko n'kulakwitsa ntchito, ndiponso kumauza mwini chithunzi kuti khungu lake linali lofunika kulikonza.

Lamulo lomwe akatswiri ambiri amatsata n'losavuta: chochoka chokha pakapita masiku ochepa chikhoza kufufutidwa, chokhalitsa chisiyidwe. Chiphuphu chotuluka tsiku la ukwati, thukuta la pamphumi ndi kadontho ka fumbi la m'kamera zimachotsedwa. Mphini, chipsera, mpata wa pakati pa mano ndi makwinya a agogo ndi zomwe abale amamuzindikira nazo munthu, ndipo sizikhudzidwa pokhapokha mwiniwake atapempha. Khungu likasalazidwa mpaka timabowo take kusowa, nkhope imasanduka ya chidole cha m'sitolo.

Pa zithunzi za nkhani malire ndi okhwima. Pulogalamu yokonzera zithunzi ya Photoshop, yomwe anayambitsa apachibale Thomas ndi John Knoll, inayamba kugulitsidwa ndi kampani ya Adobe mu 1990, koma chinyengo chinalipo kale. Mu 1982 magazini ya National Geographic inasendeza mapiramidi a ku Giza kuti akwane pachikuto, ndipo inadzudzulidwa kwambiri. Mu 2003 nyuzipepala ya Los Angeles Times inachotsa ntchito wojambula wake Brian Walski ataphatikiza zithunzi ziwiri za nkhondo ya ku Iraq kukhala chimodzi. Wojambula nkhani amaloledwa kudula m'mbali ndi kukonza kuwala, osati kuwonjezera kapena kuchotsa chinthu. Ku France, kuyambira mu 2017, chithunzi chotsatsa malonda chomwe thupi la munthu lachepetsedwa kapena kunenepetsedwa chimayenera kulembedwa kuti n'chokonzedwa.

Zomaliza n'zazifupi. Chithunzi chofika m'mphepete mwa tsamba chimapitirizidwa ndi mamilimita 3 mbali zonse, kuti mpeni wodulira ukaphonya pang'ono pasatsale mzere woyera. Kenaka amasindikiza kope limodzi loyesera n'kuliona pa kuwala kwa masana. Mwini ntchito ayenera kuliona kopelo ndi kulivomereza makina asanayambe, chifukwa makope 1000 akatuluka ndi nkhope yolakwika, pepala ndi inki zimagulidwanso kachiwiri.