Laputopu ikazima yokha, tisathamangire ngongole

M'makomo ambiri omwe ndimayendera pa ntchito yanga kuno ku Britain, ana amalembera ntchito ya kusukulu pabedi chifukwa malo a tebulo ndi ochepa. Laputopu ikatentha n'kuzima, ntchito ya mwana imatayika, ife makolo n'kuthamangira ngongole yogulira ina. Tiyeni tiyambe tafatsa kaye. Kawirikawiri makinawo amakhala asanafe: amadzizimitsa okha kutentha kwa m'kati kukayandikira madigiri 100, pofuna kudziteteza. Bulangeti limatseka timabowo topitira mpweya, fumbi nalo limadzaza fani. Ikani laputopu pa thabwa, ndipo chotsani fumbi itazima. Koma batire likafufuma musaiyatsenso, lingabutse moto. Pitani nayo kwa katswiri. Ndalama yopulumukayo akuidikira kumudzi.