Chinsalu cha m'ndege ndi msonkho wathu

Amangwetu, aliyense amene adakwerapo ndege yopita kutali akuchidziwa chinsalu chija. Ndege ikangokhazikika m'mwamba, wogwira ntchito m'ndegemo amabwera n'kuchikoka kuti inu akumbuyo musaone zimene akudya akutsogolo. Ine ndidachiyang'anitsitsa mu 1994 pobwerera kwathu kuchokera ku London, nditatha zaka zambiri kunja chifukwa cha ndale za chipani chimodzi. Mpando wanga udali pafupi ndi chimbudzi, maondo atagunda mpando wakutsogolo. Sindidadandaule ayi. Tikiti ndidagula ndekha, ndipo ndinkapita kwathu.

Kale chinsalu chotere kudalibe, pakuti ndege yonse idali fesiti kalasi. Mu 1949 ndi 1950 ndege za BOAC zotera pamadzi zinkaima ku Cape Maclear paulendo wochokera ku Southampton kupita ku South Africa. Ulendowo unkatenga masiku angapo, okwerawo n'kumagona m'mahotela usiku, anthu a kwa Chembe akungoonerera ali m'mabwato awo. Zaka zomwezo kampani ya Pan Am idali ndi ndege yotchedwa Stratocruiser, momwe mudali mabedi ndi kachipinda komweramo mowa kotsikira pamasitepe. Wosauka sankamutsekera kumbuyo kwa nsalu chifukwa sankafika n'komwe pabwalo la ndege.

Zinthu zidayamba kusintha mu 1952 pamene makampani owoloka nyanja ya Atlantic adayamba kugulitsa matikiti otsikirako mtengo, ndipo mu 1958 kudabwera ikonome imene ambirife timaidziwa. Bungwe la makampaniwa, IATA, lidalamula kuti a ikonome azingopatsidwa masangweji, mpaka makampani adakangana kuti kodi sangweji yeniyeni imakula bwanji. Akuluakulu a masuti kukhalira pansi nkhani ya buledi! Mu 1970 kudabwera chindege cha Boeing 747 chokhala ndi chipinda chochezera pamwamba, koma mafuta atakwera mtengo mu 1973 zipinda zoterezi zidayamba kudzazidwa ndi mipando yogulitsa. Concorde, imene inkawoloka kuchokera ku London kufika ku New York m'maola atatu ndi theka, idanyamula anthu kuyambira 1976 ndipo idaleka mu 2003.

Apa ndiye ndikufuna titchere khutu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 makampani adatsekera kalasi yachitatu pakati, bizinesi kalasi. Poyamba idali mpando wotakasukirako basi. British Airways idaika mipando yosanduka bedi mu fesiti kalasi chapakati pa zaka za m'ma 1990, ndipo pofika 2000 bedi lomwelo lidatsikira mu bizinesi. Kuyambira pamenepo fesiti kalasi idatsala ndi njira ziwiri: kufa kapena kuchita misala. Kwina idachitadi misala. Singapore Airlines idaika tizipinda totseka chitseko mu 2007, Emirates idaika bafa la shawa mu 2008, Etihad idafika pogulitsa zipinda zitatu kwa munthu mmodzi kapena awiri mu 2014. Kwina idangofa. Ethiopian Airlines ndi Kenya Airways, zimene zimatinyamula kuchokera ku Lilongwe, zimagulitsa bizinesi ndi ikonome basi.

Tsono nduna ikadzakuuzani kuti iyo siyenda pa fesiti kalasi, musafulumire kuomba m'manja. Bizinesi ya lero ili ndi bedi limene ngakhale fesiti ya mu 1985 idalibe. Dzina lokha ndilo lasintha. Mtengo wake ukadali wopitirira wa ikonome kangapo.

Ine sindidana ndi munthu wolemera. Wogulitsa fodya kapena mwini malole akafuna kusamba m'mitambo ndi ndalama zake, asambe, ndipo azikasimba bwino. Nkhani yanga ili pa amene amakhala kutsogolo kwa chinsalu ndi msonkho wa mayi wogulitsa tomato ku Limbe.

A Malawi tili ndi mbiri pankhaniyi. Mu 1974 Air Malawi idagula ndege ya VC10 yoti izipita ku London. Idauluka zaka zisanu zokha, kenaka idakhala pa Chileka zaka zambiri ikungodyedwa ndi dzuwa. Mu 1985, Dr Banda popita kukacheza kwa Mfumukazi ku Britain, boma lidabwereka chindege cha Boeing 747SP ku South African Airways, kampani ya boma la tsankho, n'kuchipaka utoto wa Air Malawi. Adafunsa mtengo wake ndani? Nthawi imeneyo funso lotere linkamufikitsa munthu ku Mikuyu, ndipo enafe tidaoloka malire pa nkhani zochepa kuposa imeneyi.

Tidavota pa 14 June 1993 poganiza kuti zoterezi zatha. Koma fisi akasintha phiri sasiya kudya mbuzi. Mu 2009 boma la Bingu wa Mutharika lidagula ndege ya pulezidenti ya mtundu wa Falcon, ndipo Britain idadula thandizo lake ndi mapaundi 3 miliyoni. Mayi Joyce Banda adaigulitsa mu 2013 pamtengo wa madola 15 miliyoni, chaka chomwecho chimene Air Malawi idatheratu. Mu November 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, a Lazarus Chakwera adaimitsa maulendo akunja a iwo eni ndi a akuluakulu a boma kufikira March 2024. Chidali chinthu chabwino, koma taonani: nthawi zonse timadikira kuti zinthu zithine, kapena kuti azungu akwiye, ndiye pamene mtsogoleri amakumbukira kuti tikiti ili ndi mtengo.

Ena anena kuti mtsogoleri wa dziko sangafike pamsonkhano wa United Nations maso ali gwa, atagona chokhala maola khumi ndi asanu. Ndikuvomera. Pulezidenti agone, ngakhale nduna imene ikukakambirana za ngongole zathu igone. Nanga enawo? Onyamula zikwama, oimba nyimbo, alamu awo a akuluakulu, amene msonkhano wake saulowa n'komwe? Ndipo tisaiwale kuti pambali pa tikiti pali alawansi ya tsiku lililonse, yolipidwa m'madola omwe achipatala akusowa pogula mankhwala.

Pempho langa n'lochepa. Ulendo uliwonse wa boma ulembedwe poyera: adapita ndani, adakhala mbali iti ya chinsalu, tikiti idali ndalama zingati, adabwerako ndi chiyani. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndiye kufunsa si mlandunso. Ine kalata yanga ndalemba kale, ndipo ina yofanana nayo ndikapereka ndekha kwa phungu wa kwathu Loweruka likudzali.